Ulendo wa pa Njinga ku Mpata ndi ku Phiri la Mbande

Munthu akatchula dzina la Karonga, ambiri a ife timaganiza zinthu zitatu: mpunga wa kilombero, kutentha, ndi msewu wopita ku chipata cha Songwe. Tsiku ndi tsiku mabasi amatsika phiri la Chiŵeta atadzaza ndi amalonda opita ku Kyela, ku Mbeya kapena ku Dar es Salaam. Akafika pa boma la Karonga amangoima pang'ono kuti agule madzi ozizira, kenaka ulendo ulipo. Pobwerera amakhala atatopa, mtima uli pa katundu wao, ndipo palibe amene amatembenuza khosi kuyang'ana kumadzulo, kumene kuli timapiri ndi midzi imene ndifuna tikambirane lero.

Chimene chidandinyamula ine kuti ndipite kumeneko ndi manyazi. Chaka china, ndikuphunzitsa mbiri ya dziko lathu pa sukulu ina m'boma lomweli, ndidafunsa ana kuti Mlozi adagonjetsedwa liti. Ambiri adakweza manja, ndipo yankho lidali lolondola: 1895. Nditafunsanso kuti linga lake lidali pati, onse adangoti zii. Mnyamata wina adayesa kunena kuti kapena ku Zanzibar. Pambuyo pake ndidamva kuti agogo ake a mnyamata yemweyo amakhala ku Mpata, ndi kuti iye amapita kukaŵathandiza kukolola tchuthi chirichonse, m'dera lomwelo m'mene Mlozi adamanga linga. Sindidamseke ayi, pakuti inenso mphunzitsi wake ndidali ndisanapondeko phazi langa.

Amene afuna kuyenda ulendo umenewu ndi bwino ayambire pa nyumba yosungiramo zinthu zakale, ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene idatsegulidwa m'chaka cha 2004 ndipo iri m'tauni momwemo. Mukangoloŵa mumakumana ndi chifanizo cha mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, chotalika kuposa mamita 9, chimene chinkadya masamba m'dziko lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mafupa ake oyamba adalembedwa m'mabuku mu 1928, atatoledwa ndi Frank Dixey, katswiri wa za miyala wa boma la Nyasaland. Dzina lokumbutsa dziko lathuli chidalandira mu 1993, anthu atakumbanso ku Mwakasyunguti. Mwa okumbawo mudali mwana wa kwathu konkuno, Elizabeth Gomani, amene pambuyo pake, mu 2005, adapatsa chinyama china chofanana nacho dzina lakuti Karongasaurus. M'nyumba yomweyo mudzaonanso zida zamiyala zimene anthu akalekale ankasendera nyama. Zida zotere zapezeka zambiri m'nthaka yozungulira sukulu ya sekondale ya Chaminade, m'malo momwe ana amadutsa tsiku ndi tsiku. Ola limodzi m'nyumba imeneyi likwanira. Ntchito yake ndi kukutsukani m'maso, kuti mukatuluka kunja muziona zimene kale munkangopondapo.

Tidanyamuka Loŵeruka, tambala wachiŵiri atangolira. Ku Karonga munthu wanzeru amayenda mbandakucha, chifukwa dzuŵa likakwera ngakhale ng'ombe zimafuna mthunzi. Ndidali ndi mnzanga wa ulendo, mnyamata wa ku Mpata komweko amene adatsiriza Fomu 4 zaka ziŵiri m'mbuyomo, koma posoŵa ntchito adayamba kunyamula anthu pa njinga, bizinesi imene kumeneko amaitcha kago. Iye adakwera yake, ine ndidabwereka ya mphunzitsi mnzanga. Tidatsata msewu wa ku Chitipa, nyanja tidaisiya kumbuyo. Poyamba dziko ndi lachidikha, losavuta kupalasa. Tidakumana ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe zitasenza matumba a mpunga, amayi atasenza mikoko ya nthochi, ndi anyamata othamangira ku msika ndi zigubu za chambiko. Pang'ono ndi pang'ono minda ya chinangwa idayamba kuchepa, milambe ndi mitengo yaminga nkumachuluka, ndipo msewu udayamba kukwera mwakachetechete, kotero kuti miyendo ndiyo idazindikira maso asanaone. Munga wina udaboola tayala langa. Mnzangayo adamata chubu m'kanthaŵi kochepa, ndipo tidafika ku Mpata dzuŵa lisanaŵaŵe.

Dzina la malowo limanena lokha chimene chiripo. Apa ndi pamene mtsinje wa North Rukuru umatulukira pakati pa mapiri kuloŵa m'chigwa cha kunyanja. Kale munthu aliyense wochokera kumtunda, kaya ku chigwa cha Luangwa kaya ku nyanja ya Tanganyika, ankayenera kudzera pampata pamenepa kuti akafike ku dooko la Karonga. Msewu wa Stevenson, umene Azungu adayamba kulambula m'zaka za m'ma 1880 kuti ulumikize nyanja ziŵirizi, udadzeranso pomwepa. Mukaima pamenepo nkuyang'ana uku ndi uku, simufunanso buku kuti mumvetse chifukwa chake Mlozi adasankha malo ameneŵa. Wogwira mpata ndiye wogwira malonda onse.

Safunsa adadya phula. Tisanapite kwina kulikonse tidayamba taonekera kwa a nyakwaŵa, monga mwa mwambo, ndipo iwo adatipatsa mkulu wina wa imvi kuti atiperekeze.

"Mwaghona, tata," ndidapereka moni m'Chingonde chochepa chimene ndidali nditatola.

"Ndagha, aphunzitsi," adayankha akumwetulira. Kenaka adatembenukira kwa mnzangayo nati, "Mwana wanga, uŵauze aphunzitsiŵa kuti ngati abwera kudzaona makoma, achedwa ndi zaka zoposa zana."

Adanena zoona. Linga la Mlozi lidali la mitengo ndi dothi, lidagumulidwa ndi mizinga ndi moto, ndipo chotsala mvula ndi khasu zidamaliza. Mlendo wofuna chinyumba chachikulu choti ajambulitsepo chithunzi adzabwerera wokhumudwa. Chimene chiripo ndi malo, ndi anthu amene amadziŵa kuŵaŵerenga. Mkulu uja ankayenda patsogolo ndi ndodo yake, akuloza kumene makolo ake adamuuza kuti kudali chipata, kumene akazi ankatungira madzi, ndi mbali imene asilikali adadzera. Tidakhala pansi pa mtengo, ndipo nkhani imene ndakhala ndikuilemba pa bolodi zaka zambiri ndidaimva ngati yachilendo.

Mlozi sadabwere ndi nkhondo poyamba. Adafika ngati wamalonda wogula minyanga ya njovu, ndipo Angonde adamlandira nampatsa malo, pamodzi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu. Atakhazikika adamanga malinga, nayamba kugwira eni dziko ndi kuŵagulitsa. M'chaka cha 1887 anthu ambiri adathaŵira m'bango la ku Kambwe, kumpoto kwa Karonga m'mphepete mwa nyanja. Ankhondo a Mlozi adayatsa bangolo. Otuluka ankaomberedwa kapena kugwidwa, ndipo oloŵa m'madzi ankakumana ndi ng'ona. Chaka chomwecho adazinga sitolo ya kampani ya African Lakes, imene ankayang'anira Monteith Fotheringham, mpaka Anyakyusa ochokera kumpoto adabwera kudzaombola ozingidwawo. Mu 1888 Frederick Lugard, yemwe uja adadzatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria, adayesa kuthyola linga la Kopakopa, koma adabwerako atalasidwa ndi chipolopolo m'mikono yonse iŵiri. Harry Johnston adapangana naye za mtendere Mlozi mu 1889, koma malonda a anthu sadathe. Potsiriza, kumayambiriro kwa December 1895, Johnston adabwera ndi mizinga, asilikali Achisiki ochokera ku India ndi asilikali a m'dziko momwe muno. Linga litagwa, Mlozi adapezeka atabisala m'chipinda chokumba pansi pa nyumba yake, ndipo amene adamtulutsa adali Sajeni Bandawe, Mtonga. Adaweruzidwa pamaso pa mafumu a Angonde, napachikidwa pa 4 December.

Apa mkulu uja adaonjeza mau amene sindidaŵapeze m'buku la ana. Adati tisamaphunzitse ngati kuti mbali imodzi kudali Aluya okhaokha, mbali inayo Azungu okhaokha. Ambiri mwa onyamula mfuti za Mlozi adali anthu akuda, ena a iwo othaŵa nkhondo za Angoni amene adasoŵa kogwira. Nayonso kampani ija, pamene inkamenyana ndi ukapolo, inkatetezanso malonda ake a minyanga. "Lero zidzukulu za onsewo zidakwatirana," adatero, "ndiye nkhaniyi timaikamba mosamala." Ndiganiza kuti mphunzitsi aliyense wobwera ndi ana kuno ayenera kutengerapo kusamala komweko.

Kuchokera pamenepo tidasiya njinga pa nyumba ina nkuyamba wapansi kulinga ku phiri la Mbande. Si phiri lalitali. Munthu wozoloŵera Mulanje kapena Zomba angaliyese chulu. Koma njira yake ndi ya miyala ndi minga, ndipo nsapato zanga za ku ofesi zidandichititsa manyazi kaŵiri konse. Ulemu wa phirili suli m'kutalika kwake. Pamenepa ndi pamene padali likulu la Kyungu, mfumu yaikulu ya Angonde, kuyambira cha m'ma 1600, pamene Kyungu woyamba adafika kuchokera kumpoto nalanda malowo kwa Simbowe. Kwa mibadwo yambiri Kyungu sankaonekera wamba kwa anthu ake. Ankakhala paphiripo mobisika, ndipo mau ake ankafika kumidzi kudzera mwa nduna. Ofufuza za kale atakumba paphiripo m'zaka za m'ma 1960 adapeza mikanda yagalasi ndi mapale a mbale zochokera kutali, umboni wakuti anthu a kuno ankagulana malonda ndi a kugombe la nyanja yamchere kalekale, Mlozi ndi Azungu asanabadwe. Wofuna kudziŵa zambiri afunefune buku la Owen Kalinga la mbiri ya ufumu wa Angonde, lotuluka mu 1985.

Malo ano ndi opatulika kwa eni ake. Pali mbali zina zimene mlendo saloledwa kufikako, ndipo wokuperekezani akati apa tilekere pomwepa, musafunse kaŵiri. Sipothyola nkhuni, sipofuula, ndipo sipolemba maina pa miyala monga amachitira ana athu ena akapita kokaona malo.

Tidapuma pamwamba. Kummaŵa nyanja inkanyezimira, ndipo kutsidya kwake mapiri a Livingstone a ku Tanzania adaima ngati khoma lobiriŵira modera. Pansi pathu Rukuru ankakhotakhota pakati pa minda ya nthochi. Chigwa chonse cha Ungonde chidali pa chikhatho, ndipo ndidaona ndi maso chimene chidakopa aliyense, kuyambira Simbowe mpaka Mlozi: madzi osaphwa, msipu wa ng'ombe ndi njira ya malonda.

Tiri pomwepo mnzanga wa kago uja adandifunsa funso limene landichititsa kulemba nkhani ino.

"Aphunzitsi, kodi kumaiko kwina malo ngati ano amangokhalanso chonchi, opanda ngakhale chikwangwani?"

Ndidamuuza za mudzi wina wa ku France wotchedwa Les Eyzies, umene uli m'mphepete mwa mtsinje wa Vézère. Ndi mudzi waung'ono, wa anthu ochepa kuposa a m'misika yathu yambiri ya kumidzi. M'chaka cha 1868 anthu ogwira ntchito adafukula mafupa a anthu akale pansi pa thanthwe lotchedwa Cro-Magnon, ndipo mu 1940 anyamata anayi adatulukira phanga la Lascaux, la zithunzi zojambula pa miyala, m'chigwa chomwecho. Lero mudziwo umadya za alendo. Muli nyumba ya boma yosungiramo zinthu zakale, ndipo mlendo akatulukamo amapeza tinjira ta wapansi toikidwa zizindikiro za utoto pa mitengo ndi pa miyala kuti asasokere, njinga zobwereka, mabwato opalasa pa mtsinje, ndi alimi ogulitsa zakudya za kwao. Chodabwitsa n'chakuti mafupa a ku Cro-Magnon ndi a zaka pafupifupi 30,000 chabe, pamene chibwano cha munthu wakale chimene chidapezeka ku Uraha, kufupi ndi Chilumba, mu 1991, ndi cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Pa ukale, Karonga ndiye mkulu kutalitali. Chimene atiposa nacho anzathuwo ndi tinthu tating'onoting'ono: kanjira kolambulidwa, chikwangwani, munthu wodikira alendo amene adziŵa chonena, ndiponso chizoloŵezi cha eni dziko choyendera malo ao omwe.

Chotsirizachi ndicho chachikulu. Sindikhulupirira kuti tidikire alendo a kunja kuti ndiwo adzayambe. Karonga ali kutali ndi mabwalo akuluakulu a ndege, ndipo Mzungu wofika kuno kaŵirikaŵiri amakhala wongodutsa. Koma m'boma lino muli sukulu zambirimbiri. Sukulu iriyonse itati izitumiza kalasi imodzi pa chaka, kalasiyo nkupereka kangachepe kwa woiperekeza ndi kugula chakudya m'mudzimo, mnyamata ngati mnzangayu akadakhala ndi chifukwa chokhalira pansi ndi akulu aja ndi kulemba zimene akudziŵa. Pakali pano palibe chomukokera kutero. Mkulu amene adatiperekeza adatiuza kuti mwa anzake amene adamva nkhanizi kwa anthu oona ndi maso, otsala ngoŵerengeka ndi zala za dzanja limodzi.

Tidatsika dzuŵa liri pamutu. Kunyumba kumene tidasiya njinga tidapeza atatiphikira mbalagha, nthochi zosapsa zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe, ndipo ndinene mosabisa kuti sindidadyepo chakudya chokoma chotere m'nyumba iriyonse yodyera ya m'tauni. Tidagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango kufikira kutentha kutachepa.

Kubwerera n'kosavuta, pakuti njinga imatsetsereka yokha. Tidapitirira tauni yatsopano mpaka ku tauni yakale ya kunyanja, imene idayamba kusiyidwa madzi a nyanja atakwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kumeneko kuli manda a asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 9 September 1914 Ajeremani ochokera ku Neu Langenburg, kumene lero timati Tukuyu, adathira nkhondo boma la Karonga, koma adabwezedwa. Pa miyala ya pamandapo mudzaŵerenga maina a Angerezi ndi a Ajeremani, adani ogona malo amodzi. Koma ochuluka mwa amene adafa tsiku limenelo adali asilikali akuda a mbali zonse ziŵiri. Imfa zao ndizo zidachititsa John Chilembwe kulemba kalata yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, miyezi yoŵerengeka asanaukire boma mu January 1915. Motero mwana amene waima pa manda a ku Karonga waima pa chiyambi china cha nkhani ya ku Mbombwe. Ngakhale gule wa mapenenga, amene amuna a kuno amavina atavala zoyera ndi kuguba mwa dongosolo, adachokera ku perete wa asilikali a masiku amenewo.

Tidatsiriza tsiku m'madzi. Mchenga wa ku Karonga ndi wotakasuka ndipo nyanja imayamba mosazama, koma funsani asodzi malo abwino osambira. Peŵani mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, chifukwa ng'ona za ku Kambwe zidasiya zidzukulu, ndiponso m'madzi odikha ndimo mumakhala nkhono za likodzo. Msodzi wina adatitenga pa bwato lake kanthaŵi pang'ono, nandiphunzitsa kugwira nkhafi, ngakhale bwatolo linkangozungulira pamodzimodzi. Mdima utagwa, nyali za asodzi a usipa zidayamba kuyaka pa nyanja, mzere wautali ngati mudzi wina woyandama.

Amene ali ndi tsiku lachiŵiri apite ku Malema, kummwera kwa tauni, kumene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, lomwe lidapeza chibwano cha ku Uraha, lidapezanso chidutswa cha nsagwada ya mtundu wina wa munthu wakale mu 1996. Kumeneko mumayenda m'zigwembe zokumbika ndi madzi, maso ali pansi, ndipo wokuperekezani amakuonetsani kusiyana kwa mwala wamba ndi fupa limene lidasanduka mwala. Mukaona kanthu, musatole. Lamulo la dziko limaletsa, komanso fupa likachotsedwa pamalo pake limataya theka la nkhani yake, pakuti dothi lolizungulira ndilo limanena zaka zake. Pafunika kupirira kwa mtundu wina pa ntchito imeneyi: kachidutswa ka dzino kamene kadasoŵa pa chibwano cha ku Uraha kadapezeka chaka chotsatira, anthu atasefa mulu waukulu wa mchenga.

Kwa aphunzitsi anzanga, nyengo yabwino ya ulendowu ndi kuyambira May mpaka August, pamene mwera ukuomba ndipo kunja kwazizirirako. Mu October ndi November kumatentha koopsa, ndipo mu March ndi April Rukuru amasefukira. Tumizani uthenga kwa a nyakwaŵa sabata imodzi isanakwane nthaŵi, aliyense atenge madzi okwanira ndi chipeŵa, ndipo pakhale mmodzi wodziŵa kumata chubu. Ana muŵagaŵire ntchito asananyamuke: ena ajambule mapu a njira, ena alembe maina a mitengo m'Chingonde ndi m'Chitumbuka, ena alembe zonena za akulu liu ndi liu. Zolembazo zisungidwe pa sukulu, ndipo zina zibwezedwe kumudzi kumene zidachokera.

Ine ndidapita nayo kalasi yanga teremu yotsatira, ena pa njinga zao, ena atakwezana. Wotsogolera adali mnzanga wa kago uja, atanyamula kope m'mene adali atayamba kulembamo. Pobwerera ku phiri, mnyamata wa ku Zanzibar uja adatipempha kuti tipatukire kwa agogo ake tikamwe madzi. Agogowo atamva chimene tidadzera adaloŵa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka dzimbiri. M'katimo mudali mikanda isanu yobiriŵira ndi kampira kachitsulo kolemera, zimene adati khasu lao lidafukula m'munda zaka zambiri zapitazo.

"Bwanji simudandionetsepo, agogo?" adafunsa mnyamatayo.

"Udandifunsapo liti?" adatero agogowo, akutsekanso chitini chao.